Masewero a ku China pa kanema: tiwayese ndi muyeso wanji?

Atsogoleri anzathu a makalasi a akuluakulu ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba, lero tikambe za cinthu comwe ophunzira athu ena amaonera madzulo tikaweruka. Kale munthu akati novela timadziwa kuti akunena za ku Brazil. Tsopano kwabwera alendo ena. Mu Disembala 2015, pa msonkhano wa China ndi maiko a mu Afrika ku Johannesburg, mtsogoleri wa China, Xi Jinping, adalonjeza kufikitsa kanema wa setilaiti m'midzi 10,000 ya mu Afrika. Nchitoyo adaipatsa kampani ya StarTimes, ndipo pofika 2020 midzi 1,000 ya muno m'Mozambique idali italandira zipangizo. Pamodzi ndi zipangizozo padabwera masewero a ku China omasuliridwa m'Cipwitikizi, ndipo acinyamata ena amawapeza pa foni.

Mafilimu a ku China a nkhonya ndi mateche tidawazolowera kale m'tinyumba ta vidiyo. Awa ndi ena. Ndi nkhani zazitali za ukwati, za apongozi, za ana ndi makolo okalamba, ndipo zimalowa m'mutu mwa munthu pang'onopang'ono. Tasankha masewero anayi ochuka kuti tiwayese ndi mafunso awiri. Loyamba: nthawi yonse yomwe seweroli latidyera, laphika nayo ciyani? Laciwiri: mtendere womwe umabwera kumapeto, waulipira ndani?

Kucedwa kuli pawiri

Dandaulo loyamba pa masewerowa ndi lakuti amacedwa. Nzoona. Sewero limodzi limakhala ndi zigawo 30, 40 kapena kuposa apo, ciliconse ca mphindi ngati 45, ndipo lina la mu 2018, Story of Yanxi Palace, lidafika zigawo 70. Novela ya ku Brazil imatalika kuposa pamenepa, koma iyo siikupatsa mpata wopuma, pakuti cigawo ciliconse cimathera pa cinsinsi coululika, pa mbama kapena pa mfuti. Sewero la banja la ku China limatha kukhalitsa pa anthu akudya mpunga, mayi akucapa, bambo ali duu pakhonde. Wozolowera novela amangoti palibe cikucitika.

Komatu pali kucedwa kwa nyemba, zomwe zimafuna nkhuni zambiri kuti zifewe, ndipo pali thobwa lothira madzi kuti mabotolo aculuke. Opanga masewero ku China amagulitsa nchito yawo powerenga zigawo, ndiye ambiri adazolowera kutalikitsa nkhani ndi anthu osafunikira ndi kubwereza zomwe taona kale. Eni ake a dzikolo khalidweli amalicha ndendende kuthira madzi. Mu 2020 bungwe la boma loyang'anira wailesi ndi kanema lidalangiza kuti masewero asamapitirire zigawo 40, ndipo malire amenewa adawafewetsa mu 2025.

Nyemba zenizeni tikuziona mu Romance of Our Parents, sewero la mu 2014 la zigawo 44. Jiang Defu ndi msilikali wamkulu wa nkhondo ya pamadzi, mwana wa alimi wosapita patali ndi sukulu. An Jie ndi mwana wa banja lomwe lidali lolemera mu mzinda wa Qingdao, wozolowera kumwa khofi, ndipo m'zaka za m'ma 1950 kubadwa m'banja lotere kudali ngati mlandu. Akwatirana, napita kukakhala pa cilumba, nabereka ana asanu, mpaka kukalamba. Koma comwe tikuciyamikira kwambiri ndi nkhani ya An Jie ndi mlamu wake Dehua, mlongo wa mwamunayo, mayi wa kumudzi wosadziwa kuwerenga amene abwera kudzalera ana. Poyamba awiriwa samwerana madzi: wina akuti mnzake ndi wauve, winayo akuti mnzake ndi wodzikweza. Palibe tsiku lomwe akhala pansi nkupepesana. Amangolera ana omwewo, kuphika pa moto womwewo, mpaka woonera azindikira yekha kuti asanduka munthu ndi mcemwali wake. Cinthu cotere sungacionetse m'zigawo ziwiri. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Muyeso wake ndi wapafupi. Mukaphonya zigawo ziwiri cifukwa ca maliro kapena magetsi, nkubwerera nkupeza kuti palibe comwe casintha pakati pa anthu aja, dziwani kuti mumamwa madzi.

Cikondi cosaculuka mau

M'masewero a banja a ku China zopsompsonana ndi zocepa, ndipo za kucipinda amangozidutsa, mwa zina cifukwa boma la kumeneko limapenda sewero lililonse lisanaonetsedwe. Kwa ife izi zili ndi ubwino wake, pakuti kanema timaonera pagulu, ana ali pomwepo, mwinanso apongozi ali cakumbuyo. Cikondi cimaonekera m'zocita: mwamuna kutapa ndiwo nkuika m'mbale ya mkazi wake, kapena kufunsa ngati wadya.

Minning Town, la mu 2021, lili ndi zigawo 23 zokha ndipo silitaya nthawi. Nkhani iyamba mu 1991 m'dera louma la Ningxia. Mtsikana Li Shuihua ndi mnyamata Ma Defu adakondana kuyambira ali ana, koma bambo a mtsikanayo amupereka kwa mwamuna wina kuti alandire bulu, nkhosa ziwiri, nkhuku ndi citsime cosungira madzi a mvula. Shuihua athawa, kenaka abwerera yekha pomva kuti akucimuna awakhalira bambo ake pakhosi. Pambuyo pake mwamuna wake alumala citsime citamugumukira, ndipo Shuihua amukweza pa ngolo pamodzi ndi kamwana kawo, nakoka ngoloyo masiku 7, mtunda wa makilomita ngati 200, kupita ku mudzi watsopano komwe boma likusamutsira anthu. Ulendowu ukuposa wocokera ku Cuamba kufika ku Mandimba. Shuihua ndi Defu amakumanabe m'zaka zotsatira, amapatsana moni, amathandizana, koma za kale sazichula. Kusalankhulako kumapweteka woonera kuposa kulira.

Tinene pomwepa kuti seweroli adalipanga pofuna kutamanda nchito ya boma la China yolimbana ndi umphawi, ndipo m'malo ena kutamandako kumamveka. Komabe anthu ake ndi amoyo. Muli mphunzitsi wamkulu, a Bai, amene alimbana ndi makolo ofuna kucotsa ana aakazi osakwana zaka 16 pa sukulu kuti akagwire nchito m'mafakitale a ku Fujian. Ife a kuno ku Niassa, komwe boma lidacita kukhazikitsa lamulo la nambala 19 la mu 2019 loletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, nkhani imeneyi sitikuimva ngati ya alendo.

Palinso mtundu wina wa cikondi womwe tikuti tiucenjerere. Wadzadza m'timasewero ta pa foni ta mphindi imodzi kapena ziwiri pa cigawo. Mwini kampani wolemera, wamwano ndi waukali, agwa m'cikondi ndi mtsikana wosauka. Amukalipira, amugwira dzanja mokakamiza, kenaka amugulira nyumba. Apa palibe kucedwa ngakhale pang'ono, ndipo palibenso comwe capsa. Mtsikana woonera zotere angatengepo nzeru yakuti nkhanza za mwamuna wandalama ndi cizindikiro ca cikondi. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Banja lawo si lathu

Sewero lomwe lidatsegula njira mu Afrika ndi A Beautiful Daughter-in-law Era, la zigawo 36, lolembedwa ndi Wang Liping. Lidayamba kuoneka m'Ciswahili kwa anansi athu a tsidya la Rovuma, pa kanema wa boma la Tanzania, mu Novembala 2011, pa dzina loti Doudou na Mama Wakwe Zake, ndipo Xi Jinping adalichula m'mau ake ku Dar es Salaam mu Marici 2013. Mao Doudou, namwino, akwatiwa ndi Yu Wei, wojambula zithunzi. Makolo a mwamunayo adasiyana ukwati ndipo bambo adakwatiranso, motero Doudou apeza apongozi aakazi awiri osafuna kuonana: mayi womubala Yu Wei ndi mayi womupeza. Akakondweretsa uyu, wakhumudwitsa uyo. Seweroli ndi loseketsa, limayenda msanga, ndipo silipanga mpongozi aliyense kukhala mfiti. Mayi womubalayo ndi wovuta, inde, koma tikuona kuti ukali wake ndi wa munthu amene adasiyidwa.

Apa ndi pomwe mtsogoleri wa kalasi ayenera kuthandiza ophunzira kuwerenga bwino zomwe akuona. Pa mwambo wa ku China mwana amatenga mtundu wa bambo, ndipo mkazi ndiye amalowa m'banja la mwamuna. Ncifukwa cake woyesedwa m'masewerowa amakhala mtengwa. Kwa Anyanja, Ayao ndi Amakhuwa a kuno mwambo wathu ndi wa kucikazi: mwamuna ndiye amakamanga kwawo kwa mkazi, ana ndi a mbumba, ndipo mau aakulu pa iwo ali ndi atsibweni. Woyenda mocenjera pakhomo ndi mkamwini, amene pa mwambo sakhala nkumacezerana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi monga acitira Doudou. Taonaninso comwe cikusowa m'nyumba zazitali za mu mzinda zija: mulibe ankhoswe. Mkangano ukabuka, eni ake omwewo ndiwo odandaula, ndiwonso oweruza, ndiye nkhani yomwe kuno ikadatha m'mawa umodzi pansi pa mtengo wa mango kumeneko imadya zigawo khumi. Kwina kwa kucedwa kuja kumacokera pamenepa.

Sitikuti zathu ndizo zabwino zokhazokha. M'mabairo a ku Cuamba mabanja ambiri acinyamata akukhala kutali ndi mbumba ndi ankhoswe awo, ndipo citengwa cikuculuka. Kwa iwowa mavuto a Doudou ayamba kufanana ndi awo.

Wolipira mtendere ndani?

Funso laciwiri lija likutifikitsa pa All Is Well, la mu 2019, la zigawo 46, lomwe ife tikuliona kuti ndi lamphamvu kuposa onse anayi komanso lotisiya ndi nkhawa kuposa onse. Su Mingyu ndi mwana wamkazi yekha pakati pa alongo ake awiri mu mzinda wa Suzhou. Mayi ake adagulitsa zipinda za nyumba kuti mwana wamwamuna woyamba akaphunzire ku America, nasasatitsa waciwiri, koma Mingyu, wanzeru m'kalasi, adamumana ngakhale ndalama ya buku lokonzekera mayeso. Bambo ake, Su Daqiang, adaona zonsezo nakhala cete. Sewero liyamba ndi imfa ya mayiwo, Mingyu ali kale munthu wolemera ndi thukuta lake. Ndiye alipira za maliro, ndiye azimitsa moto uliwonse womwe bambo odzikondawo akoleza, ndipo mlongo wake waciwiri atamumenya mpaka kugonekedwa m'cipatala, am'khululukira osapitiriza mlandu.

Kumapeto bambo aja agwidwa ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba. Tsiku lina asowa pakhomo, ndipo awapeza atagula buku lija, akuganiza kuti mwana wawo akadali pa sukulu. Ife amene timaphunzitsa amayi a zaka 40 kulemba dzina lawo koyamba, cifukwa makolo adatumiza ku sukulu alongo awo okha, sitingaonere pamenepa maso ali ouma. Pamenepa zigawo zonse zija zalipira ngongole yake.

Koma tisalole misozi itiphimbe m'maso. Buku lafika zaka zambiri mayeso atapita. Mingyu asiya nchito yake kuti asamale bambowo, pomwe ana aamuna, omwe adadya cuma ca banja, ali kutali. Oonera ambiri ku China komweko adatsutsana za mathero amenewa. Tikayang'ana bwino, Dehua adalera ana a mlongo wake unyamata wake wonse, Shuihua adakoka ngolo, Doudou adameza mau, Mingyu adasiya nchito. Mtendere wa m'masewerowa kawirikawiri umagulidwa ndi kupirira kwa mkazi, ndipo nyimbo zokoma za kumapeto zimatiiwalitsa kufunsa ngati zidayenera kutero. Kukhululuka nkwabwino, ndipo mako ndi mako usamuone kucepa mwendo. Koma sewero lomwe likhululukitsa wolakwiridwa osamupatsa wolakwayo katundu woti asenze latiuza theka la nkhani.

Zoti ticite m'makalasi

Kuletsa anthu kuonera sikungathandize, ndipo masewero abwino mwa amenewa ndi oyenera kuonedwa. Tiwasandutse phunziro. Pomwe ophunzira akutsata sewero limodzi, auzeni alembe pa bolodi maina a anthu ake ndi cibale cawo, kenaka alembe mbumba yawo m'makope, afanizire. Wina afotokoze cigawo ca dzulo m'ziganizo zitatu zolemba. Akasowa colemba, kalasi iweruze ngati zidali nyemba kapena madzi. Pomwe pali mau olembedwa pansi pa cithunzi, ayesere kuwawerenga mokweza. Kenaka afunseni: nkhani iyi ikadacitika ku Massangulo kapena ku Mitande, akadaitanidwa ndani kuti aikambe? Amene wapirira kwambiri ndani, ndipo walandira ciyani? Amayi ayambe kuyankha, abambo pambuyo.

Mayankho omwe mupeze, makamaka pomwe amayi ndi abambo asiyana maganizo, alembeni m'mau a ophunzira eni ake ndi kutitumizira kuno, kuti makalasi ena awawerenge.