Miuni ya pa Mekong: Maganizo pa Kanema wa Jira Maligool

Mtsinje wa Mekong uli malire a maiko a Thailand ndi Laos. Caka ndi caka, mwezi ukakhala wathunthu ca mu Okutobala, pamene ansembe a cipembedzo ca Buddha atsiriza miyezi 3 ya kubindikira, makamu a anthu asonkhana pa gombe m'cigawo ca Nong Khai, makamaka ku Phon Phisai, kudzapenya timiuni tofiira totumphuka pamadzi ndi kuzimirira m'mwamba. Eni dziko ati ndi moto wa Naga, cinjoka ca m'madzi, colemekeza Buddha. Ife amene tinakula ndi mbiri ya Napolo ndi ya Nyaminyami wa ku Kariba sitingawaseke.

Pa nkhani imeneyi Jira Maligool anapanga kanema wochedwa Mekhong Full Moon Party m'caka ca 2002. Mwini nkhani ndiye Khan, mnyamata wokulira pa kacisi tsidya la Laos, kumene anazolowera kumira pansi pa mtsinje ndi kuchera miuniyo mobisa, motumidwa ndi wansembe wamkuru. Atalawa maphunziro ku Bangkok, abwera kwao nakana nchitoyo. Pa gombe pali sing'anga wina wonena kuti miuniyo nja cilengedwe, ndi mphunzitsi wa ku univesiti wonena kuti ncinyengo. Koma awa angokometsa bwalo. Mlandu weni-weni uli pakati pa mnyamata ndi nkhalamba imene inamlera.

Apa ndipo ndimtama mmisiriyu. Sanafunse kuti moto ucokera kuti, funso limene anzace analithamangira: caka comweco wailesi ya kanema ya iTV inaonetsa asilikali a ku Laos akuombera zipolopolo zowala m'mwamba, ndipo anthu a ku Nong Khai anapsa mtima kwambiri. Iye anafunsa cobvuta coposa: kodi mwana wophunzira, wodziwa cinsinsi ca akuru ace, acite naco ciani? Kalaliki ali yense wobwera kumudzi ndi nsapato ndi colembera m'thumba adziwa kulemera kwa funsolo.

Komatu pali cimene sindibvomereza. Kanemayu acitira nkhalamba ija cifundo copitirira. Aionetsa yofatsa, yokonda anthu ace, kotero kuti woonerera aiwala kuti ikunamiza amphawi amene ayenda ulendo wautali ndi mtima woona. Cikhulupiriro ndi cinyengo azipota cingwe cimodzi, monga ngati mwambo sungaime popanda bodza pansi pace. Taonani kuno ku Chongwe. Pa Chakwela Makumbi, mwambo wa Asoli, mfumu yaikuru Nkomeshya ipempha mvula kwa makolo, itentha munda ndi kubzala mbeu zoyamba, zonse poyera. Palibe amene atumidwa usiku kukabisa kanthu m'mtsinje. Mvula ikacedwa, anthu apirira, ndipo caka camawa abweranso. Wophunzira angakaike pemphero, koma safunsidwa kunama.

Ndiponso awerengi asaiwale kuti za ansembe ochera miuni nza m'mutu mwa wolemba. Si mbiri yotsimikizika. Wakunja woona kanemayu mosacenjera adzaturuka akuganiza kuti wagwira ansembe a ku Laos ali pa cinyengo, pamene wangoona nthano yokonzedwa mwaluso.