Mlandu Suwola

Kucheza ndi akatswiri a chamba cha hip-hop kawirikawiri kumasanduka mwambo wa chitamando. Wofunsa amagwada, woyankha nasimba za chuma chake. Ndi chikaiko chotere ndidakhala pansi kuonera The Defiant Ones, kanema wa zigawo 4 amene Allen Hughes adakonza pocheza ndi Dr. Dre, Jimmy Iovine ndi anzawo. Adatuluka mu 2017.

Chitamando chilimodi. Timamva momwe awiriwa adagulitsira kampani ya Beats kwa Apple mu 2014 pa mtengo wa madola 3 biliyoni. Koma chidandigwira mtima n'china. Hughes adapereka mpata kwa Dee Barnes, muulutsi wa pa wailesi yakanema amene Dre adammenya mu 1991, kuti afotokoze ndi pakamwa pake. Kanema wa Straight Outta Compton wa 2015 adaikwirira nkhaniyi, pomwe muno Dre akuvomera kulakwa kwake poyera.

Komabe nthawi yomwe mayiyu adapatsidwa njochepa poyerekeza ndi ya zamalonda. Kwa ine, kucheza kotere kumakoma pamene wofunsa walimba mtima nakumba pomwe mwini nkhani adakwirira, pakuti mlandu suwola.