Kabuku ka Constable ka mu 1813

Kabukuka n'kochepa moti kamakwana m'thumba la jekete. John Constable, wojambula zithunzi, ankayenda nako m'miyezi yotentha ya 1813, akuzungulira minda ya kwawo ku East Bergholt, m'dera la Suffolk ku England. Lero kamasungidwa ku Victoria and Albert Museum ku London. Tsamba lake ndi ngati chikhatho, koma pa tsamba limodzi munthuyu ankatha kupanikizapo tizithunzi tingapo, tina n'kulembapo tsiku limene watijambula. Chondidabwitsa ine n'chakuti chigwa chonse cha mtsinje wa Stour chimalowa m'kamalo kotere osathinana.

Tizithunzito ankatijambula ndi pensulo, ndipo pensulo ili ndi mtundu umodzi basi. Kamtima kake ndi graphite, mwala wofewa wotuwa umene umatsalira papepala ukakhudzapo. Ndiye kutalika kwa malo, kuwala kwa dzuwa, chinyontho cha m'mawa, zonsezi zimachokera pa kulemera kwa dzanja. Mtengo wapafupi Constable ankaudinikiza, nsonga ya pensulo ikupita ndi kubwerera mpaka pansi pa nthambi pachite bii. Mitengo yakutali ankangoikhudza, dzanja litapepuka, timizere tosalumikizana. Diso likaona zimenezi silifunsa: lakuda limati lili pano, lotumbuluka limati lili uko. Maso athu amateronso panja, pakuti mpweya ndi nkhungu zimafooketsa maonekedwe a zinthu zakutali.

Masamba a mtengo sankawawerenga. Ankazunguza pensulo mofulumira, timapotolo tothinana pamene pali mthunzi, totayana pamene dzuwa lagunda, ndipo m'mphepete ankasiya mipata kuti thambo lisuzumire. Mbali ya mtengo imene yawala, nthawi zambiri palibe chimene wajambulapo. Ndi pepala loyera chabe. Kuwala sakujambula, amakusiyira malo, ndipo kuti munthu adziwe poimitsa dzanja pamafunika kuti akhale ataona kale chithunzicho chisanathe.

Ndiye pali nsanja ya tchalitchi cha ku Dedham, m'chigwa chomwecho cha Stour, imene ankaibwereza kawirikawiri. Papepala ndi kanthu kochepa, timizere tiwiri toimirira ndi kamthunzi kumbali. Koma chigwacho n'chathyathyathya, mizere yake yonse ndi yogona: minda, mipanda ya zitsamba, mtsinje. Chinthu chimodzi choimirira pakati pa zogona chimakoka diso ngati munthu woimirira pakati pa anthu okhala pansi. Kanjira kapena mpanda ukayambira m'munsi mwa tsamba n'kupendekera cha uko, woonayo amautsata osadziwa, mpaka kukafika pansanjapo. Ng'ombe kapena ngolo ikaikidwa panjirapo, ngakhale ili kadontho, imauza diso kukula kwa zina zonse.

Mzere umene thambo limakumanira ndi nthaka nawo amachita kuusankhira malo. Ukatsika, tsamba limakhala la mitambo ndipo dziko limaoneka lotakasuka. Ukakwera, woonayo amakhala ngati waima paphiri n'kumayang'ana pansi. Constable ankaidziwa mitambo. Bambo ake anali ndi zigayo, kuphatikizapo chigayo cha madzi cha ku Flatford, ndipo iye ali mnyamata anagwirako ntchito ya banjali, imene inkafuna munthu wodziwa kuyang'ana nyengo. Timizere topendekera tingapo pansi pa mtambo, tokokedwa mwachangu mbali imodzi, timakwanira kuonetsa kumene mphepo ikulowera.