ZA NYUMBA ZITATU ZOGULITSA NKHUKU YOPSA KALE

Abale, ana athu ambiri ali pa nchito ku Johannesburg, ndipo pobwera kumudzi amatisimbira za nyumba zimene munthu angolowamo, napereka ndalama, nalandira nkhuku yopsa asanakhale n'pansi pomwe. Imodzi ya nyumbazi, ndiyo KFC, yafikanso ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Tsono tiyeni tilinganize zitatu zochuka, tione kukoma kwace, zimene agulitsa, ndi zimene zicita m'thupi.

Yoyamba ndiyo KFC. Mwini wace woyamba, Harland Sanders, anayamba kuphikira apaulendo ku Corbin, m'dera la Kentucky ku America, m'caka ca 1930, ndipo malonda ace anafika ku South Africa mu 1971. Nkhuku yao aiviika mu ufa wa tirigu wosanganiza ndi zokometsera 11, zimene sauza munthu, naikazinga m'mafuta ambiri mu mphika wotsekeka zolimba. Cifukwa ca ici nyama ifewa ndi kusunga madzi ace, ndipo khungu likhala lokhuthala. Kukoma kwace kulidi, koma kukhala pakhungupo. Mukalisenda, nyama yotsalayo ilibe mau. Tiwayamika pa cimodzi, kuti ku South Africa agulitsanso nsima ya ufa woyera pamodzi ndi nkhukuyo, ndipo wanchito akhuta.

Yaciwiri ndiyo Chicken Licken, imene George Sombonos anaiyamba ku Johannesburg mu 1981. Iwonso akazinga m'mafuta, koma mbiri yao ili pa mapiko a tsabola. Mapikowo akoma pakamwa, ndipo mcere wace umveka msanga. Koma tonse tidziwa kuti phiko ndilo khungu ndi fupa, mnofu pang'ono. Kotero munthu adya ambiri asanakhute, ndipo cimene wacurukitsa m'mimba ndico mafuta.

Yacitatu ndiyo Nando's, imene Fernando Duarte ndi Robert Brozin anaitsegula ku Rosettenville, m'mudzi womwewo wa Johannesburg, mu 1987. Awa sakazinga ai. Nkhuku aigoneka mu msuzi wa tsabola wa piripiri, monga acitira anthu a ku Mozambique, naiocha pamoto. Wogula asankha yekha ukali wa tsabola, kuyambira wa mandimu wosawawa kufikira wokhetsa misozi. Wina wa tsabolayo alimidwa ndi alimi a kuno ku Malawi. Poocha mafuta adontha nacoka, ndipo tsabola alowa mpaka mumnofu. Cobvuta cace ndi mtengo, pakuti kawirikawiri uposa wa anzao awiriwo.

Tikati tiweruze, pa kukoma ndi pa ubwino wa m'thupi tiika Nando's patsogolo. Pa kukhutitsa munthu wa ndalama zocepa, KFC. Ndipo Chicken Licken ndiyo ya kukondweretsa lilime. Cifukwa cace ndi ici: galamu imodzi ya mafuta ipatsa thupi mphamvu zoposa kawiri zimene ipatsa galamu ya ufa kapena ya mnofu, ndipo ufa wokuta nkhuku yokazinga umwa mafuta monga nsaru imwa madzi. Wopalasa m'munda angazitenthe mphamvuzo. Wokhala pa mpando tsiku lonse azisunga, nanenepa.

Koma pali cirema cimodzi pa zonse zitatu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, licenjeza kuti munthu wamkuru asafike magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiko kasupuni kamodzi ka tiyi. Nkhuku zonsezi, yoocha yomwe, zili ndi mcere wambiri, ndipo pambali pace aikapo chipisi cothira mcere wina, ndi cakumwa codzala shuga. Ndiwo zamasamba ziliko pang'ono, ndipo ambiri sazigula. Mcere wocuruka ukweza kuthamanga kwa mwazi, nthenda imene siimveka kuwawa kufikira tsiku limene munthu afa ziwalo mbali imodzi. Akuru anati, ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada.

Sitinena kuti nyumbazi nzoipa. Kwathu nkhuku tiiphera mlendo, kapena pa cikondwerero, ndipo pambali pace sipasowa nkhwani kapena bonongwe. Masiku ena onse tidya nyemba ndi usipa. Mwambo umenewu ngwanzeru, ndipo uyenera m'tauni monga uyenera kumudzi. Cifukwa cace, polembera ana anu, muwauze kuti akalowa m'nyumbazo alowe monga alendo, kamodzikamodzi. Asankhe yoocha, atenge nsima ndi masamba m'malo mwa chipisi, ndipo amwe madzi. Ndalama yotsalayo idzagula feteleza, ndipo iwo eni adzabwera kumudzi akuyenda ndi miyendo yao.