Chamboko si Mawu Achilendo

Buku la Doris Lessing la mu 1950, The Grass Is Singing, lili ndi mawu amene amapunthwitsa ngakhale Mngelezi weniweni: kopje, vlei, sjambok. Mabuku otanthauzira mawu amathandiza pang'ono. Kopje amatchulidwa kuti kopi, ndipo ndi kaphiri ka miyala. Vlei amatchulidwa kuti fulei, ndilo dambo. Sjambok ndi shambok, chikwapu cha chikopa cha mvuu. Onsewa analowa m'Chingelezi kudzera m'Chiafrikaans.

Koma ine ndimakana kuti mawuwa ndi osowa. Osowa kwa yani? Lessing anakulira pa famu ya chimanga pafupi ndi Banket, ku Mashonaland, kumene makolo ake anakhazikika mu 1925. Minda ya kumeneko inkadalira manja a anthu a ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Ena anayenda pansi, ena pambuyo pake anatengedwa ndi Mthandizi, ambiri n'kusanduka matchona. Kwa iwowa sjambok sanali mawu ofufuza m'buku. Anawamva pamsana, n'kumawatchula monga anzawo Achishona kuti chamboko. Pogona pawo, pamene azungu ankati compound, iwo ankati komboni. Akatswiri amati mawu awiriwa anachokera ku Chimalay, ndiye kuti anawoloka nyanja asanafike pakamwa pa azigogo athu.

M'bukuli, Mary Turner amenya Moses kumaso ndi chikwapu chimenechi kumunda, ndipo pamapeto pake Moses amupha. Lessing akutionetsa mantha a Mary mwaluso, koma m'mutu mwa Moses satilowetsamo. Ena amati uku n'kudzichepetsa kwa wolemba. Ine ndimati n'kudzichepetsa ndithu, koma kuli ndi mtengo wake: dzina la chikwapucho timalimva kuchokera kwa wochigwira yekha.

Apa mpamene womasulira wa Chichewa ali ndi mwayi. Ndikalemba kuti chikoti, tanthauzo ndapereka, koma famu ija yasowa, pakuti chikoti chili paliponse, ngakhale pa ngolo. Ndikasiya sjambok, ndaima kukhonde kwa bwana. Chamboko amatiika kumunda, pakati pa omenyedwa.

Pamene mafamu analandidwa kuyambira mu 2000, zidzukulu zambiri za matchona zinataya ntchito ndi pokhala. Makomboni akamapasuka, katchulidwe kaja kamapita ndi okalamba. Tikamamasulira mabuku ngati ili, tiyambe tawafunsa iwowo tisanatsegule buku la ku Oxford.