Pamene Ngwazi Igwera m'Dziwe

Tsiku lina madzulo, nditapita kukazonda mlongo wanga ku Area 15 mumzinda wa Lilongwe, ndinapeza banja lonse litasonkhana pabalaza, maso ali pa kanema, likuonera mpikisano wa American Ninja Warrior, umene amuna ndi akazi anyonga amathamanga pa matabwa ogwedera, kulendewera pa zitsulo ndi kukwera makoma otsetsereka, pansi pawo pali dziwe lodikira aliyense amene phazi lake liphonye. Anali kuonetsanso mpikisano wa chaka cha 2016 wa ku Las Vegas, ndipo atatulukira Geoff Britten, munthu amene chaka cha 2015 anagonjetsa zigawo zonse zinayi nakwera chingwe cha mamita pafupifupi 23 m'masekondi osakwana 30, mphwanga anandigwira dzanja nati, "Amalume, uyu ndiye sagwa." Mawuwo asanathe m'kamwa, ngwaziyo inaterereka pa chopinga choyamba penipeni, ndi kugwera m'madzi kuti khuvu!

Mlongo wanga anagwira pakamwa nafuula kuti, "Mayo ine!" Mwana wamng'ono anaseka mpaka kugubuduka pamkeka, mphwanga uja anangoti kukamwa yasa, ndipo alamu anga, atapukusa mutu, anagamula mlandu nthawi yomweyo kuti munthuyo kutchuka kunamulowa m'mutu. Pa kugwa kumodzi panatuluka mitima inayi, ndipo ndicho chinandichititsa kusinkhasinkha za luso la anthu amene amakonza masewerawa.

Kholo la mpikisanowu ndi Sasuke wa ku Japan, amene wailesi yakanema ya TBS inayamba kuonetsa mu 1997, momwe anthu 100 amayesa mphamvu zawo pa bwalo la Midoriyama ku Yokohama. Ofika kumapeto ndi owerengeka pa zala: woyamba anali Kazuhiko Akiyama mu 1999, ndipo panapita zaka zisanu ndi ziwiri kuti msodzi Makoto Nagano achite chimodzimodzi mu 2006. Popeza pafupifupi aliyense woima pamzere woyambira amathera m'dziwe, amisiri a pulogalamuyi anazindikira kuti ntchito yawo yaikulu ndi kupatsa kugwako kulemera, kuti woonera akumve m'chifuwa mwake. Motero asanamutulutse munthu, amayamba atationetsa kwawo, ntchito imene amagwira, ndi zitsulo zimene anakhoma kuseri kwa nyumba kuti azichitirapo masewera; amaika mkazi wake ndi ana m'mbali mwa bwalo; kenako amamupatsa mwayi umodzi wokha, popanda mdani womukankha kapena woyimbira womukondera, kuti akagwa pasapezeke wina womuloza chala. Akagwa, kamera imachoka pa madzi kupita pa nkhope za abale ake, ndipo m'kamphindi kameneko ife a kutali timasanduka anansi.

Komabe luso limeneli lili ndi chilema chake, makamaka mmene Aamereka amalichitira. Olengeza amakweza munthu kufika kumitambo, namutchula maina a ulemerero mpaka mwana wa ku Lilongwe akhulupirire kuti pali wina wobadwa mwa mkazi amene sangaterereke. Ndipo akagwa, amabwereza chithunzicho pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, monga ngati akufunafuna tchimo lobisika m'phazi lake. Mmisiri amene amamanga fano kuti aligwetse pamaso pa khamu amapeza mfuu imene akuifuna, koma amaphunzitsa oonera kuweruza mopanda chifundo. Pulogalamu ina ya ku Japan, Takeshi's Castle, imene inayamba mu 1986, inali yosabisa cholinga chake, pakuti kumeneko anthu ankagwera m'matope kuti tiseke. Koma pano, pamene munthu wakonzekera chaka chathunthu, kuseka ndi kunyoza n'kusamvetsa chimene maso aona.

Alamu anga sindiwadzudzula kwambiri, chifukwa chizolowezi chawo n'chathu tonse. Wosewera wa Flames akaphonya chigoli chapafupi pa bwalo la Bingu, ena amati ndi matama, ena amati wadya ndalama, enanso amati amulodza, popeza mtima wa munthu sukhazikika ukapanda kupeza chifukwa. Koma aliyense amene anawolokapo mtsinje pa ulalo wa mtengo umodzi m'nyengo ya dzinja, mtolo uli pamutu, madzi akukokoma pansi, amadziwa kuti phazi limene lawoloka kambirimbiri likhoza kuphonya tsiku limodzi popanda kulakwa kulikonse, monganso amadziwira onyamula katundu a ku Mulanje, amene amathamanga kuchokera ku Likhubula kukwera ku Chambe ndi Lichenya pa miyala yonyowa. Akale anati tsoka silinunkha, natinso chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ajapani, pa nkhani iyi, anatiposa nzeru, pakuti Katsumi Yamada, amene sanagonjetsepo zigawo zonse ngakhale anabwerera kubwaloko zaka zambiri, ndiye amene anamupatsa dzina lakuti Mr. Sasuke, pomulemekeza chifukwa cha kupirira kwake.

Ndikayesa mitima inayi ija pa muyeso, ndipeza kuti amene anamvetsa bwino chimene amisiriwo anakonza ndi mlongo wanga, amene sadziwa dzina la chopinga ngakhale chimodzi. Pamene alamu anali kupitiriza mlandu wawo, ndipo kanema akubwereza kutererekako kachitatu, iye anayang'ana munthu wonyowayo akutuluka m'dziwe, nalankhula motsitsa mawu ngati kuti a ku Las Vegas amumva, nati, "Mpatseni chofunda mwana wa eni, wazizidwa."