Mkulu Uja wa pa Kanema Anali Yani?

Chaka china pa 3 Malichi madzulo, tinasonkhana anthu ngati khumi m'kagolosale kena pa Chintheche, maso onse ali pa wailesi ya kanema. Popeza linali tsiku lokumbukira anthu amene anafera dziko lino mu 1959, ankaonetsa zithunzi zakale. Mwa zina panaoneka mkulu wina wachikulire akulankhula Chingerezi chothyakuka. Pa zimene ananena ndinatolapo zitatu: kuti anabadwira m'mphepete mwa nyanja ino, kuti anakhala kunja zaka 30 atathawa kwawo, ndi kuti zonsezi anazilemba m'buku. Dzina lake lisanaoneke, magetsi anathima.

Mumdima momwemo munabuka mtsutso. Aliyense ankati nkhopeyo anaionapo, koma kuti anene kumene anaiona, mawu ankamuthawa. Mnyamata wina wa Fomu 4 anati ameneyo ndi Legson Kayira, poti ndiye mlembi wa kumpoto yekhayo amene ankamudziwa. Koma Kayira, mwini buku la I Will Try la mu 1965, anali wa kumapiri ku Chitipa, ndipo ananyamuka wapansi mu 1958 kukafuna sukulu, osati kuthawa boma. Msodzi wina anatchula Clements Kadalie wa ku Chifira, kufupi ndi Bandawe, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Tinamuseka, chifukwa Kadalie anamwalira mu 1951 ku East London, pamene wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Komabe msodziyo sanaponye patali kwenikweni: Kadalie naye analemba mbiri ya moyo wake, imene inasindikizidwa ku London mu 1970, mwini atagona kale m'manda.

M'mawa mwake ndinapita ku Kande kwa aphunzitsi ena opuma pantchito. "Ada," ndinatero nditapereka moni, "ndi mlembi uti wa m'boma lathu lino amene anakhala kunja zaka 30?" Iwo anayamba ayang'ana kukhomo, kenaka natsitsa mawu, ngakhale kuti ulamuliro wa chipani chimodzi unali utatha kalekale. "Ameneyo ndi Kanyama Chiume wa ku Usisya." Nditafunsa ngati buku lake analiwerengapo, anapukusa mutu. "Mwana wanga, masiku amenewo ngakhale dzina lokhalo silinkatuluka pakamwa."

Apa ndipo ndinamvetsa chimene chinatichitikira m'golosale muja. Sikunali kuiwala wamba. Akuluakulu anaphunzira kumeza dzinalo, ndipo ana anakula osalimva, mwinanso kulimva ngati dzina la chigawenga basi.

Buku lenilenilo, Kwacha, ndinalipeza patapita miyezi kwa mnzanga wina ku Mzuzu, chikuto chitathothoka. Linasindikizidwa ku Nairobi mu 1975, Chiume ali ku Tanzania. Ndi mbiri ya moyo wake yolemba yekha. Iye anabadwa mu 1929, ndipo dzina loti Kanyama linali dzina lodandaula, lopatsidwa ndi makolo amene anatopa ndi maliro, ngati kuuza imfa kuti nayi ndiwo ina. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anatengedwa kupita ku Tanganyika, kumene anaphunzira mpaka kukafika ku Makerere ku Uganda. Kwa ine, gawo la ubwanali ndilo lokoma koposa. Mlembi sakuteteza kanthu, sakutsutsana ndi munthu; akungosimba. Wowerenga wa kunyanja kuno, amene akudziwa kuti pafupifupi banja lililonse lili ndi mtchona wake ku Harare kapena ku Joni, adzazindikira msanga mtima wa mwana woleredwa kutali ndi manda a mayi ake.

Nkhani ikalowa m'ndale, liwu limasintha. Mu 1956 Chiume anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo pamodzi ndi Henry Masauko Chipembere, ndipo awiriwa anali patsogolo pa achinyamata amene anaitana Dr Banda kuti abwere kudzatsogolera nkhondo yothetsa chitaganya. Pa 3 Malichi 1959, pamene asilikali ankawombera anthu padoko la Nkhata Bay, Chiume anali kunja kwa dziko, choncho sanamangidwe. Anakhala mlomo wa omangidwawo ku London ndi kwina. Dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964 anali nduna yoona za kunja, koma mu Seputembala chaka chomwecho anachotsedwa. Nduna zinasemphana ndi Dr Banda pa nkhani ya tiki yolipira kuchipatala, pa kuchedwa kupatsa Amalawi maudindo, ndi pa ubale ndi Apwitikizi.

Phindu la gawo limeneli ndi loonekeratu: kwa zaka 30 Amalawi anamva nkhani ya 1964 kuchokera pakamwa pamodzi, ndipo apa tikuimva kwa munthu amene anali m'chipinda momwemo. Koma pomwepanso pali kufooka kwa bukuli. Wolemba mbiri ya moyo wake amakhala mboni ndi woweruza pa mlandu umodzi, ndipo Chiume analemba bala likadali laliwisi. Mkwiyo wake ndi womveka, koma nthawi zina umaphimba maso. Wophunzira wochenjera ayenera kufunsa funso ili: kodi Dr Banda anakula yekha? Chiume anali mlembi wofalitsa nkhani za chipani, mmodzi wa amene anauza anthu kuti mpulumutsi wafika. Monga ndionera ine, bukuli limaweruza Dr Banda mokweza kwambiri kuposa mmene limafunsira mwini wake za njerwa zimene iyenso anaika pa chipilalacho. Sindikunena kuti ananama ayi. Ndikunena kuti munthu wopwetekedwa amakumbukira bwino zimene anachitiridwa kuposa zimene anachita.

Chodandaulitsa china ndi chilankhulo. Bukuli lili m'Chingerezi, monganso la Kadalie. Zifukwa zake zilipo, pakuti wothawa kwawo amalembera amene angamusindikizire ndi kumumvera. Koma zotsatira zake ndi zoti mayi wouma usipa pathandala ku Usisya sangamve zimene mwana wa mudzi wake analemba za mudziwo. Chiume anabwerera kuno mu 1994, namwalira ku New York mu 2007. Anthu anamuona ndi maso, ena anamugwira chanza, koma owerenga buku lake anakhalabe ochepa.

Nditamaliza kuwerenga ndinapita nalo ku Kande. Aphunzitsi aja analandira ndi manja awiri, nakhala nalo pakhonde, poyera, milungu itatu. Pobweza anati za ubwana wake analemba bwino, koma za 1964 pali masamba ena amene sakugwirizana nawo, ndipo anapinda ngodya zake kuti tidzakambirane. Mnyamata wa Fomu 4 uja ndiye ali nalo tsopano.